Mutu Umodzi Susenza Denga

M'bandakuca wa pa 8 Novembala 2013, namondwe wochedwa Haiyan, amene eni dziko anamucha Yolanda, anagwa pa tauni ya Guiuan m'dziko la Philippines. Mphepo yake inali kuthamanga makilomita oposa 300 pa ola limodzi, ndipo inakankhira madzi a m'nyanja kumtunda, kotero kuti mumzinda wa Tacloban, wokhala ndi anthu oposa 200,000, madzi anakwera kufika mamita 5 m'malo ena. Zombo zikuluzikulu zinaponyedwa pakati pa nyumba za anthu. Pamene Boma la dzikolo linamaliza kuwerenga, linapeza kuti anthu oposa 6,000 anafa, ena oposa 1,000 sanaonekenso, nyumba zoposa 1 miliyoni zinaonongeka, ndipo anthu okwana 4 miliyoni anasowa pogona.

Philippines ndi dziko la zilumba zoposa 7,000 la ku Asia, kutali kwambiri ndi Chipata kapena Katete. Komabe namondwe amene kumeneko amamucha taifuni ndi yemweyo amene kuno kum'mwera kwa Africa amachedwa saikuloni; dzina limasintha malinga ndi nyanja imene wabadwira. Nkhani ya Haiyan ndi yofunika kwa munthu aliyense wa kumudzi cifukwa inaonetsa poyera kuti woyamba kupulumutsa munthu pa tsoka ndi mnansi wake, ndiponso kuti mtima wopatsa, ungakule cotani, umataya zambiri ngati ulibe dongosolo.

M'masiku oyamba thandizo la kunja silinathe kulowa mu Tacloban. Bwalo la ndeke linali litaphwanyika, misewu inatsekeka ndi mitengo ndi malata, nthambo za magetsi ndi za lamya zinaduka. Apolisi ndi anchito a Boma a mumzindawo nawonso anali ofedwa, ambiri ali kufunafuna ana ao m'matope, motero ocepa okha ndiwo anafika pa nchito. Njala itakula, khamu la anthu linathyola nkhokwe ya Boma yosungiramo mpunga m'tauni ya Alangalang ndi kutenga matumba oposa 100,000, ndipo anthu 8 anafera pomwepo khoma litawagwera. Zombo za nkhondo za ku America zonyamula madzi ndi ndeke zopulumutsira anthu zinafika pa 14 Novembala, patapita masiku 6. M'masiku onsewo, amene anavuula anthu m'madzi, kufukula okwiririka, kuika maliro ndi kugawana kampunga kotsala anali anthu a m'makomo oyandikana, amenenso anali atataya zao zonse.

Anthu a ku Philippines ali ndi dzina la khalidwe limeneli: amalicha bayanihan. Kale kumidzi ya kumeneko, banja likafuna kusamuka, amuna a m'mudzi anali kulowetsa nsungwi zazitali pansi pa nyumba yake ya mitengo ndi udzu, ndi kuisenza yonse pamapewa kufikira pamalo atsopano. Panalibe malipiro, koma mwini nyumba anali kuphikira osenzawo cakudya. Mlimi amene analimapo dima, kapena amene anathandizapo kukweza denga la nkhokwe ya mnzake, alimva msanga khalidweli. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo anthu a pazilumba zija anaona coonadi comweco m'nyumba zao za nsungwi.

Pamene mbiri ya tsokali inafika ku Manila, likulu la dzikolo, bayanihan inaonekera m'njira zambiri. Ana a sukulu, anchito a m'maofesi ndi anthu a m'machalichi anafola usana ndi usiku m'nyumba zosungiramo katundu za unduna wa zosamalira anthu, kulonga mpunga ndi nsomba za m'zitini m'timatumba tokwanira banja limodzi limodzi. Ndeke za asilikali zinali kutula opulumuka pa bwalo la Villamor, ambiri opanda ndi nsapato zomwe, ndipo anthu okhala ndi magalimoto anapanga gulu lochedwa Oplan Hatid, limene linali kuwanyamula kwaulere kufikira pakhomo pa acibale ao, ngakhale m'matauni akutali. Amai oyamwitsa anadzipereka kuyamwitsa makanda a anzao ndi kufinya mkaka wa m'mawere kuti utumizidwe kwa ana amasiye. Anthu a dzikolo ogwira nchito kunja, amene m'caka cimeneco anatumiza kwao ndalama zoposa madola 20 biliyoni, anaonjezera pa zimene anali kutumiza mwezi ndi mwezi.

Maiko ena nawo sanaumire manja. Bungwe la United Nations linapempha madola 301 miliyoni m'mlungu woyamba, ndipo pambuyo pake linakweza pempholo. Ku Britain anthu wamba anasonkha mapaundi oposa 90 miliyoni kupyolera m'bungwe la Disasters Emergency Committee. Ku Tokyo kamnyamata ka zaka 6 kanapita ndi amai ake ku ofesi ya kazembe wa Philippines kukapereka mayeni 5,000 amene kanali kusunga. Mphatso yotere iyenera kulemekezedwa. Koma kuyamika kokha sikudyetsa wanjala, motero nkoyenera kufunsa kuti mwa zonse zinaperekedwazo, nziti zimene zinathandizadi, ndipo nziti zimene zinangolemetsa ogawa.

Zovala zakale ndizo zimene anthu ambiri amathamangira kupereka, cifukwa ziri m'nyumba kale ndipo kuzicotsa sikupweteka. Ku Philippines kuli lamulo la mu 1966 loletsa kulowetsa salaula wogulitsa m'dziko, ndipo Boma linapempha opereka a kunja kuti asatumize zovala zogwiritsidwa kale nchito. Cifukwa cake nceniceni. Mtolo uliwonse wa zovala umafuna munthu woumasula, kusankha zong'ambika, kucapa ndi kulonganso, ndipo umadya malo m'galimoto imene ikananyamula madzi akumwa kapena mankhwala. Majuzi a m'maiko ozizira alibe nchito m'dziko lotentha. Cimene wopereka anaciona ngati cifundo cimasanduka nchito yoonjezera kwa anthu otopa kale.

Mkaka waufa wa ana ndi woopsa koposa. Dzikolo liri ndi lamulo la mu 1986 loyang'anira kagulitsidwe ndi kagawidwe ka mkaka wotere, ndipo unduna wa zaumoyo unakana kuti uzigawidwa cisawawa m'misasa ya opulumuka. Ena anadandaula kuti kukana mkaka pamene ana ali ndi njala ndi nkhanza. Koma pamene zitsime zadzala matope ndi zonyansa, ndipo palibe nkhuni zowiritsira madzi kapena sopo wotsukira botolo, mkaka waufa umabweretsa matenda otsegula m'mimba, amene amapha khanda m'masiku ocepa. Ndiponso mai akaleka kuyamwitsa mawere amauma, ndipo zitini zaulere zikatha mwana amatsala wopanda ciliconse. Cotero odzipereka amene anadyetsa amai ndi kuwapatsa malo abata oyamwitsiramo anateteza ana ambiri kuposa amene anafuna kutumiza zitini.

Mphatso imene inaonetsa mphamvu yake msanga ndi ndalama zoperekedwa m'manja mwa opulumuka eni ake. Bungwe la Abuda la ku Taiwan lochedwa Tzu Chi linalemba anthu zikwizikwi a mu Tacloban kuti ayeretse misewu ndi makomo ao omwe, ndi kuwalipira mapeso 500 pa tsiku. M'milungu yowerengeka misewu inatseguka, ndipo popeza anthu anali ndi ndalama m'thumba, ogulitsa ndiwo, malata ndi misomali anabwerera pamsika. Banja liri lonse linagula cimene linali kusowa, lina mphika, lina mankhwala a nkhalamba yao. Panali odandaula kuti malipirowo anali pafupifupi kuwirikiza kawiri malipiro a tsiku a m'cigawoco, kotero kuti mabungwe ena ndi olemba nchito anavutika kupeza anchito, ndipo dandaulo limenelo linali ndi maziko. Ngakhale ndi tero, phunziro lake likhalabe: munthu wogwa m'tsoka sanataye nzeru zake, ndipo amadziwa bwino zosowa za banja lake kuposa mlendo wa kutsidya kwa nyanja.

Alimi ndi asodzi anafuna cinthu cinanso. Namondweyo anafika nyengo yobzala mpunga ya Disembala ndi Januwale iri pafupi, mbeu zitanyowa ndi madzi amcere. Bungwe la United Nations loona za cakudya ndi ulimi, la FAO, pamodzi ndi unduna wa zaulimi, anathamanga kugawa mbeu ya mpunga kwa mabanja zikwizikwi nyengo isanapite, ndipo amene analandira anakolola patapita miyezi yocepa. Mlimi aliyense amadziwa kuti thumba la cakudya limatha m'milungu ingapo, pamene thumba la mbeu lofika panthawi yake limadzaza nkhokwe. Asodzi nawo anataya mabwato zikwi makumi angapo, motero magulu amene anawapatsa matabwa, maukonde ndi mainjini anawabwezera njira yodzidyetsera okha.

Tsopano pali nkhani yowawa ya kuwerengera. Mu 2014 ofesi yofufuza kagwiritsidwe ka cuma ca Boma la Philippines inapeza kuti timatumba ta cakudya ca mabanja toposa 7,000 tinaola tisanafike kwa anthu cifukwa ca kusasungidwa bwino. Timatumbato tinalongedwa ndi manja a odzipereka amene anacezera usiku, ndipo tinaola pamene ana anali kugona ndi njala. Mu Tacloban munabukanso mkangano pakati pa meya wa mzindawo, a Alfred Romualdez, ndi nduna ya za m'dziko, a Mar Roxas, pa nkhani yakuti ndani ayenera kutsogolera nchito. Banja la meyayo ndi banja la mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, a Benigno Aquino III, anali adani akale pa ndale. Pofuna kuziziritsa mitima ya opereka, Boma linayamba kulengeza pa intaneti ndalama zimene maiko analonjeza ndi zimene zinafikadi, ndipo anthu anaona kuti lonjezo ndi ndalama ya m'manja nzosiyana kutali. Wopereka akamva kuti mphatso yake yaola kapena yagawidwa mokondera, tsoka lotsatira likadza amabweza dzanja, ndipo wolangidwa ndi wosauka amene sanalakwe kanthu.

Cifundo ca anthu cimatenthanso msanga ndi kuzirala msanga. Atolankhani atacoka, mabvuto akuluakulu anali atangoyamba. M'cigawo ca Eastern Visayas mitengo ya kokonati yokwana 33 miliyoni inathyoka kapena kuzuka, ndipo mtengo watsopano umatenga zaka 6 kufikira 8 kuti uyambe kubala. Mabanja amene anali kudalira mitengoyo analibe cogulitsa kwa zaka zonsezo. Boma linaletsa kumanga nyumba pamtunda wa mamita 40 kucokera m'mphepete mwa nyanja, ndipo linasamutsira anthu kumpoto kwa Tacloban, kutali ndi gombe. Nyumba zambiri zinacedwa zaka kumangidwa, zina zinalibe madzi a m'mipopi, ndipo asodzi ena anabwerera kugombe loopsa lija cifukwa kumtunda kunalibe nsomba zoti agwire. Omanga nyumba anali ndi colinga cabwino, koma sanafunse mokwanira anthu okakhalamo za mmene adzapezera cakudya.

Phunziro lalikulu koposa linacokera pa kacilumba kochedwa Tulang Diyot, m'dera la tauni ya San Francisco, m'cigawo ca Cebu. Pakacilumbapo panali anthu pafupifupi 1,000, ndipo nyumba zonse 500 zinagwa, koma sipanafe munthu ndi mmodzi yemwe, cifukwa onse anaolotsedwa namondwe asanafike. Izi sizinacitike mwamwai. Kwa zaka zambiri, motsogozedwa ndi a Alfredo Arquillano amene anakhalapo meya wa tauniyo, anthu anagawa midzi yao m'timagulu ta mabanja oyandikana tochedwa purok. Kagulu kalikonse kanali ndi atsogoleri ake, kanali kukumana kawirikawiri, kanali kudziwa makomo a okalamba, odwala ndi amai apakati, ndipo mamembala anali kusonkha kandalama kosungira tsiku la mabvuto. Mu 2011, zaka ziwiri Haiyan asanadze, tauniyo inalandira mphotho ya Sasakawa ya United Nations kaamba ka dongosolo limeneli. Motero lamulo losamuka litafika, linafika pakamwa pa anthu odziwana ndi okhulupirirana, ndipo linamvedwa.

Ku Tacloban zinali zosiyana. A zanyengo anacenjeza bwino lomwe kuti nyanja idzakwera, koma cenjezolo linadza ndi mau a Cingerezi amene anthu wamba sanawazolowere, ndipo ambiri anaganiza kuti kudzangokhala mphepo ndi mvula monga zaka zonse, pakuti anamondwe pafupifupi 20 amalowa m'dera la dzikolo caka ndi caka. Opulumuka ambiri ananena pambuyo pake kuti akadauzidwa kuti kukudza mafunde onga tsunami, akadathawira kumapiri. Ena anathawira m'masukulu ndi m'nyumba zamisonkhano za pafupi ndi gombe, ndipo madzi anawapeza momwemo. Mu Disembala 2014 namondwe wina, Hagupit, analunjika kuzilumba zomwezo. Ulendo uno anthu ngati 1 miliyoni anasamuka nthawi ikadalipo, ndipo akufa sanafike 30. Hagupit anali wocepa mphamvu poyerekeza ndi Haiyan, koma kumvera cenjezo kunapulumutsa ambiri. Wodzipereka amene amayenda khomo ndi khomo kumasulira cenjezo m'cinenero ca anthu wapereka mphatso yoposa thumba la mpunga.

Zimenezi siziri kutali ndi kuno monga mmene mapu aonetsera. Mu Malichi 2019 namondwe Idai anaononga mzinda wa Beira ku Mozambique, mapiri a Chimanimani ku Zimbabwe ndi kum'mwera kwa Malawi, ndipo anapha anthu oposa 1,000. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa cimvula kum'mwera kwa Malawi. Phiri la Soche linagumukira pa nyumba za ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anathawira m'masukulu, m'machalichi ndi m'misasa. Kumenekonso oyamba kufukula matope anali anansi ndi makasu ndi mafosholo ao. Zambia ndi Tanzania anatumiza thandizo. Ofedwawo amalankhula cinenero cimodzimodzi ndi anthu a ku Chadiza ndi Vubwi, ndipo ambiri ndi apaubale. Zambia alibe gombe la nyanja yamcere, koma anthu a m'cigwa ca Luangwa amadziwa madzi osefukira, ndipo cilala ca mu 2024, cimene Boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse, cinakumbutsa aliyense kuti wopereka wa lero angakhale wolandira wa mawa.

Ena adzanena kuti kuthandiza pa tsoka ndi nchito ya Boma, ndipo munthu wa kumudzi alibe copereka. Nzoona kuti Boma liri ndi udindo umene silingauthawe: milatho, ndeke, mankhwala ndi nkhokwe za dziko siziri m'manja mwa nyakwawa, ndipo m'dziko muno muli nthambi yoona za masoka ya DMMU, pansi pa ofesi ya Waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, pamodzi ndi bungwe la Red Cross. Koma ngakhale Boma lacangu limafika mlatho utakonzedwa, ndipo munthu wokwiririka m'matope sadikira masiku 6. Kunena kuti wosauka alibe copereka nakonso nkulakwa. Anthu a pa Tulang Diyot anali asodzi osauka. Anapereka nthawi yao pamisonkhano, mabwato ao oolotsera anzao, ndi kandalama kocepa mwezi ndi mwezi.

Cotero mudzi uliwonse ungayambe mvula isanagwe. Mfumu ndi nduna zake, magulu a amai, acinyamata ndi akulu a mipingo asankhe komiti yaing'ono yodziwika kwa onse, mmene muli amai ndi abambo omwe. Komitiyo ikhale ndi buku la maina a mabanja onse, lolembamo okalamba, olumala ndi amai apakati, ndi dzina la munthu wodzawanyamula. Mudzi ugwirizane za malo okwera othawirako ndi njira yopitira kumeneko, ndipo ana aidziwe. Pa nthawi yokolola banja liri lonse liikeko cimanga pang'ono m'nkhokwe ya mudzi, ndipo magulu a cilimba apatuleko kandalama ka tsiku loipa. Uthenga wa a zanyengo ukamveka pa wailesi, pakhale anthu oufikitsa ku makomo amene alibe wailesi, m'mau amene gogo angamve.

Tsoka likagwera mudzi wina, ofuna kuthandiza ayambe atuma munthu kukafunsa cimene cikusoweka. Ngati misika iri yotseguka, ndalama zingathandize kuposa katundu. Ngati nyengo yobzala yayandikira, mbeu ndi makasu zikhale patsogolo. Zovala zikhale zocapa ndi zoti woperekayo angavale osacita manyazi. Mkaka waufa wa makanda usiyidwe m'manja mwa a cipatala. Ngwee iriyonse ndi citini ciriconse ca cimanga zilembedwe m'buku, ndipo bukulo liwerengedwe pabwalo, pamaso pa opereka ndi olandira. Kugawa kucitike masana, potsata maina olembedwa, osayang'ana cipani, mpingo kapena cibale ca mfumu. Ndipo opereka abwererenso patapita miyezi 6, pamene alendo onse acoka, kukaona ngati denga lakwera ndi ngati m'munda mwamera kanthu.

Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Wofuna kuzima moto ayenera kudziwiratu kumene kuli madzi ndi amene ali ndi ndowa. Mvula ya caka cino isapeze mudzi uliwonse ulibe komiti yake, buku lake la maina ndi malo ake othawirako.